Amene timawasiyira utsi

Zungulirani kuseri kwa nyumba iliyonse ku Area 25, ku Area 36, ngakhale ku Area 47 kwa mipanda italiitali ndi mageti achitsulo, mbaula mukaipeza. M'khitchini mukhoza kukhala kuka yonyezimira ya mapuleti anayi, koma nyemba siziphikidwa pamenepo, zimadya mayunitsi. Madzi osamba, thobwa, mang'ina, zonse zofuna moto wa nthawi yaitali zimapita kuseri, pa makala. Ndipo pa mbaulapo pamayenera kukhala munthu. M'makomo ambiri amene ndimawadziwa, munthuyo amakhala mtsikana wantchito, apo ayi agogo amene tinakawatenga kumudzi ponena kuti adzapumuleko m'tauni.

Kwathu munthu ameneyo wakhala ali amayi anga. Tinawatenga ku Mitundu bambo atatisiya, ndipo posakhalitsa anali atalanda kale mbaula m'manja mwa mtsikana wantchito. Palibe anawatuma. Kukhala manja lende iwo sadziwa, komanso nsima ya pa magetsi amati siipsa, imanunkha ufa. Pakhomo aliyense zinamukomera: mayunitsi ankakhalitsa, ana akaweruka kusukulu ankapeza ndiwo zapsa.

Kakolezedwe kawo ka moto ndi kotere. Amasankha timakala ting'onoting'ono n'kutiunjika pakati, akuluakulu m'mbali. Kenako amatenga jumbo, n'kulipota ngati chingwe, n'kuliyatsa ndi machesi, pulasitiki yoyakayo n'kumadonthezera pa makala. Utsi wake umakhala wakuda bii, wonunkha zowawa kukhosi. Pamenepo amawerama, nkhope pafupi penipeni ndi makala, n'kuyamba kuuzira ndi pakamwa, chifukwa kukupiza ndi chivundikiro cha chidebe amati kumamwaza phulusa m'ndiwo. Amauzira, kukoka mpweya, kuuziranso. Akamadzuka maso ali psuu, misozi akupukuta ndi nsonga ya chitenje, akutsokomola kakang'ono kaja kamene tinakazolowera kuyambira tili ana moti sitikamvanso. Fodya sanamulawepo chibadwire.

Anayamba kuphika asanathe n'komwe msinkhu, pa mafuwa, m'kakhitchini kaudzu kopanda zenera, komwe tsindwi lake linali mwaye wokhawokha ndipo chimanga cha mbewu ankachikoleka pamwamba pa moto kuti anankafumbwe asachiyandikire. Nkhuni zikasowa, zitsononkho ndi mapesi. Usiku koloboyi wa parafini. Atakwatiwa anawonjezera chiwaya: fizi yanga ya ku sekondale inachokera mu zitumbuwa ndi mandasi amene ankakazinga m'bandakucha, chitseko chili chitsekere kuopa mphepo ya mwera. Mukawonkhetsa, zaka zawo zokhala mu utsi zikupitirira 60.

Kuiwala kunayamba ndi mchere. Ankathira, n'kuthiranso, n'kukana kwamtuwagalu kuti athira kale. Kenako funso loti "ana adya?" linayamba kubwera mobwerezabwereza mbale zili chikhalire pamaso pawo. Mwana wanga wamkazi anayamba kumuitana dzina la mng'ono wawo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Tsiku lina anabisa ndalama m'chidebe cha ufa n'kumunamizira mtsikana wantchito kuti waba, mpaka mwana wa eniake kulira. Chimene chinatidzidzimutsa ndi pamene anapita kuchigayo chapafupi, njira imene ankaidziwa bwinobwino, n'kubwezedwa ndi mnyamata wa kabaza amene anawapeza ataima pamphambano, thumba lili pamutu, osadziwa kolowera. Koma afunseni malire a dimba la agogo awo ku dambo, kapena muyambitse nyimbo ya m'buku la ku tchalitchi, amaimaliza ndime zonse osaphonya.

Abale anangoti ndi ukalamba. Achimwene anga anati tipite nawo ku mapemphero. Kuchipatala, atawayeza BP ndi shuga n'kuwafunsa mafunso a tsiku, mwezi ndi malo, anatiuza kuti zizindikirozo ndi za dementia, matenda amene ubongo umawonongeka pang'onopang'ono mpaka munthu kulephera kukumbukira, kulingalira ndi kudzisamalira. Si gawo la ukalamba wa munthu aliyense ayi. Tonse timadziwa agogo a zaka 90 amene amakuwerengera ngongole ya 1985 mpaka tambala yomaliza. Bungwe la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa, ambiri mwa iwo m'maiko osauka ndi apakatikati, ndipo mwa anthu 100 alionse amene amafa nawo, 65 ndi amayi. Mtundu wake wofala kwambiri ndi wa Alzheimer.

Nditayamba kuwerenga za zimene zimawabweretsa, ndinkayembekezera kumva za zakumtundu ndi BP. Zimenezo zinalipodi. Mpweya sindinkauganizira. Chinanso chodabwitsa n'choti umboni wambiri woyambirira pa nkhani imeneyi unachokera kwa amayi achikulire.

Ku America kuli kafukufuku wotchedwa Nurses' Health Study, amene wakhala akutsatira moyo wa anamwino kuyambira 1976. Mu 2012, Jennifer Weuve ndi anzake anasindikiza zimene anapeza mwa amayi 19,409 a zaka zapakati pa 70 ndi 81. Amayiwa ankayesedwa kukumbukira mawu ndi manambala mobwereza patapita zaka, ndipo ofufuzawo anayerekeza zotsatirazo ndi mpweya wa kumene aliyense ankakhala. Okhala kumalo a mpweya woipa nzeru zawo zinkatsika msanga kuposa anzawo. Kusiyana kwa ma microgram 10 (muyezo wochepetsetsa wa kulemera) a tinthu ta utsi ndi fumbi mu kiyubiki mita imodzi ya mpweya kunkafanana ndi kukalambitsa ubongo ndi zaka ziwiri.

Mu 2017 gulu lina la ku University of Southern California linaunika amayi 3,647 a zaka 65 mpaka 79 a m'kafukufuku wa Women's Health Initiative Memory Study. Amene ankakhala kumadera komwe mpweya unkapyola malire a boma la America, omwe panthawiyo anali ma microgram 12, chiopsezo chawo chodwala dementia chinali chokwera ndi 92 peresenti, pafupifupi kuwirikiza kawiri. Chinali chachikulu koposa mwa amayi obadwa ndi jini (chachibadwa chotengera kwa makolo) yotchedwa APOE4, imene imadziwika kale kuti imakokera munthu ku Alzheimer.

Tinthu timene akunena apa amatitcha PM2.5. Tokulirapo mwa ito, mutatindandalika 30, m'pamene tingafanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Fumbi lalikulu mphuno imaligwira, timaliyetsemula kapena kulimina. Iti timadutsa, timakafika pansi penipeni pa mapapo, tina n'kulowa m'magazi. Thupi limatitenga ngati mdani n'kuyamba kulimbana nato, ndipo kulimbana kosalekeza kumeneko kumatupitsa ndi kuumitsa mitsempha ya magazi, kuphatikizapo timitsempha tating'ono timene timadyetsa ubongo. Mapeto ake ndi BP, sitiroko yaikulu yofetsa ziwalo, kapena timasitiroko ting'onoting'ono timene munthu satimva n'komwe koma tikudya nzeru zake. Palinso njira yachidule. Pamwamba pa mphuno pali mtsempha wonunkhizira umene umalowa mu ubongo mwachindunji, ndipo tinthu tochepetsetsa timatha kukwera nawo. Mu 2016 Barbara Maher wa ku Lancaster University anaunika ubongo wa anthu 37 omwalira a ku Mexico City ndi ku Manchester, n'kupezamo tizitsulo ta magnetite tobulungira, maonekedwe amene timakhala nawo tikapangika pa moto wotentha kwambiri, monga wa mu injini.

Tsono apa m'pamene ine mtima unandiwawa. Amayi a ku America aja ankaphikira pa magetsi ndi gasi. Utsi umene ofufuza ankayeza unali wa kunja, wa magalimoto ndi mafakitale, wochepa moti ndi maso sungauone. Malire amene WHO inaika mu 2021 ndi ma microgram 5 pa avereji ya chaka. WHO yomweyo imati m'nyumba yosapita mphepo yophikiramo nkhuni kapena makala, tinthu timeneti timatha kuchuluka kuwirikiza ka 100 kuposa muyezo woyenera. Ndipo kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mabanja oposa 90 mwa 100 alionse m'Malawi muno amaphikira nkhuni kapena makala. Ngati kautsi kosaoneka kaja kanasiya chipsera m'mitu ya anamwino achikulire a ku America, nanga mayi amene wakhala akuuzira moto ndi pakamwa kuyambira nthawi ya Kamuzu? Kumene afufuza za utsi wa m'khitchini weniweniwo, ku Mexico, ku India ndi ku China, apeza kuti okalamba ophikira nkhuni kapena malasha amakhoza mochepera pa mayeso a kukumbukira kusiyana ndi anzawo ophikira gasi kapena magetsi, ngakhale atachotserapo kusiyana kwa maphunziro ndi chuma.

Kafukufuku wotere amayankhula za khamu, sakuloza munthu mmodzi. Alipo agogo okalambira pa mafuwa mutu uli gwa, aliponso mapulofesa odwala dementia asanakolezepo moto. Gulu la akatswiri la Lancet Commission, lotsogozedwa ndi Gill Livingston, linaika mpweya woipa pa mndandanda wa zinthu 12 zopeweka zobweretsa dementia mu 2020. Mu 2024 zinthuzo zinakwana 14, ndipo anati zonse pamodzi zikukhudza pafupifupi 45 peresenti ya odwala. Pa mndandandawo mpweya si umene uli patsogolo. Koma nditauwerenga ndikuganizira amayi, ndinaona kuti zinthuzo zimagwirana manja. Kusapita patali ndi sukulu kulipo: iwo analekezera sitandade 2, kuti azithandiza kuphika ndi kulera. BP ilipo, ndipo utsi umaikweza. Kusaona bwino kulipo, ndipo ng'ala imene ili m'diso lawo lakumanzere ndi amodzi mwa matenda amene WHO imawalumikiza ndi utsi wa m'khitchini. Moto womwewo ukulowera makomo atatu.

Munthu akhoza kunena kuti m'tauni muli bwino, poti makala safuka ngati nkhuni. N'zoona kuti akayaka bwino utsi wake umachepa. Koma amatulutsa carbon monoxide wambiri, mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umakakamira m'magazi kuwirikiza ka 200 kuposa mpweya wabwino umene ubongo umadalira. Mutu uja umawawa munthu akaothera mbaula m'chipinda mu Juni kapena Julayi ndi umenewo. Ena sadzuka. Amayi chizolowezi chimenechi anabwera nacho, ndipo kuwaletsa inali nkhondo.

Komanso Lilongwe mwiniyo ali ndi utsi wake. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, imani pamtunda paliponse dzuwa likamapendeka, muyang'ane cha ku Kawale, Chinsapo kapena Mtandire. Pamakhala chinsalu chotuwa chitayalidwa pamwamba pa malata. Muli utsi wa mbaula zikwizikwi zokolezedwa nthawi imodzi, wa mauvuni a njerwa, wa tchire lotenthedwa ndi osaka mbewa, wa minda yososedwa, ndi fumbi la misewu yopanda phula limene limangoti koboo galimoto ikadutsa. Muli ndi wa zinyalala. Khomo lililonse lili ndi dzenje lake, ndipo madzulo amasesa masamba a mango, majumbo, mabotolo, matewera a ana, n'kuyatsa. Wosesa ndi woyatsayo nthawi zambiri ndi agogo omwewo, ataima pambali ndi kamtengo, akutakasa kuti zipse zonse. Mapulasitiki opyapyala boma linawaletsa mu 2015, Supreme Court n'kugwirizana nalo mu 2019, koma pitani kumsika mukagule tomato muone chimene akakuikireni.

Za magalimoto ndingonena mwachidule. Ku Ontario, ku Canada, kafukufuku wa 2017 anapeza kuti okhala mosapitirira mamita 50 kuchokera pamsewu waukulu chiopsezo chawo cha dementia chinali chokwera ndi 7 peresenti. Amayi athu ogulitsa nthochi, chimanga chootcha ndi zigege m'mbali mwa M1 ku Biwi, ku Mchesi, kapena kudepoti, sakhala mamita 50. Amakhala pansi, mutu kulingana ndi ekizozi ya minibasi, kuyambira m'mawa mpaka mdima.

Pamisonkhano yankho lake limamveka lophweka: apatseni mbaula zamakono. Mu 2013 boma la Joyce Banda linalonjeza kuti pofika 2020 mbaula zosawononga nkhuni zidzakhala zitafika 2 miliyoni, ndipo chitetezo mbaula yadothi ija inafalikiradi. Ndi yabwino, nkhuni imasunga, ndipo aliyense woona njinga za makala zikutsetsereka kuchokera ku Dzalanyama m'mamawa kudzera ku Likuni amadziwa kuti mitengo ikufunika mpumulo. Koma kusunga nkhuni ndi kuteteza mapapo si nkhani imodzi. Kafukufuku wina wamkulu kwambiri padziko lonse pa nkhaniyi anachitikira konkuno, ku Chikwawa ndi ku Karonga, m'midzi 150, pa ana oposa 10,000. Mabanja anapatsidwa mbaula zodula zokhala ndi fani yoyendera batire ya sola. Zotsatira zitatuluka mu The Lancet mu 2017, chibayo mwa ana sichinachepe. Mbaula zinkawonongeka, anthu ankabwerera ku mafuwa pophika zina, ndipo mudzi wonse unali ukufukabe ndi zinyalala ndi moto wa anansi. Ku Guatemala, komwe anamanga mbaula za chumuni chotulutsira utsi kunja kwa denga, BP ya amayi inatsikako pang'ono. Ine phunziro limene ndimatolapo ndi loti kuchepetsako utsi mwa apo ndi apo sikokwanira, uyenera kuchoka pamphuno pa munthu. Ndipo gasi akamagulitsidwa pamtengo umene ali nawowu, magetsi akamazima nthawi yophika, mayi wa ku Mgona simungamuimbe mlandu.

Koma ife a kuka m'khitchini ndi nkhani ina. Mbaula yathu si ya umphawi weniweni, ndi ya masamu. Timawerengera mayunitsi, n'kuona kuti thumba la makala likutipulumutsa, ndipo masamuwo amatuluka bwino chifukwa mtengo wina sutigwera ife. Ife tili kuofesi. Umagwera munthu amene wakhala pa kampando kuseri kuja, amene nthawi zambiri ndi wamkulu kwambiri pakhomo, kapena wosauka kwambiri.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi chimene chimadza pambuyo pake. Munthu wa dementia amasokoneza usana ndi usiku. Amatha kutuluka m'bandakucha atavala mosalongosoka, n'kukapezeka pakhonde la eni, osatha kunena dzina lake kapena kumene wachokera. Aliyense wokulira kuno akudziwa zimene khamu limanena likapeza nkhalamba yaikazi yotero: yagwa pa lichero. Pamaliro timayankhula bwino, akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo powaganizira ufiti, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Lamulo la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma lamulo silikhalapo pamphambano 5 koloko m'mawa. Mnyamata wa kabaza uja akanakhala wina, kapena likanakhala ora lina, nkhani ya amayi ikanatha mwina. N'chifukwa chake ndinayenda khomo ndi khomo mumzere wathu, mpaka kwa ogulitsa pa okala ndi kwa anyamata a pasiteji, kuwauza kuti amayi akudwala matenda a kuiwala, akawaona okha awabweze.

Zaka 60 za utsi sitingazibweze. Koma mu 2022 ofufuza a ku California omwe aja anatsatira amayi a zaka 74 mpaka 92, n'kupeza kuti amene kwawo mpweya unayera m'zaka khumi zapambuyo, ochepa ndi amene anadwala dementia. Ubongo wokalamba nawo umapindula mpweya ukasintha. Ndiye tinakhala pansi ndi bambo a kunyumba n'kugula kasilinda ka gasi ka 6 kg, ndi poto wa puresha wa nyemba. Mbaula ilipobe, ya tsiku la mdima, koma imakolezedwa pabwalo, ndi timitengo touma, osati jumbo, ndipo wokoleza amachokapo mpaka makala atafiira. Lamulo limenelo ndi la mtsikana wantchito yemwe, poti iyenso adzakalamba. Dzenje la zinyalala tinalisandutsa la manyowa, za pulasitiki timalipira anyamata a wilibala. Utsi wa oyandikana nawo umalumphabe mpanda madzulo alionse.

Chovuta sichinali ndalama, chinali amayi. Kumuchotsa mayi wa Chichewa pamoto ndi kumulanda udindo. Masiku oyamba anangokhala pa mkeka osayankhula, kenako anandiitana.

"Iwe Naphiri, ndiye kuti ndiwo zanga zayamba kukuipirani?"

"Iyayi amayi, ndi utsiwu. Adokotala akuti ukukupwetekani."

"Utsi? Unakulera ndi utsi womwewu. Ngati mwatopa nane ndiperekezeni kwathu."

Ndipo mbali ina anali kunena zoona, chifukwa pa mndandanda wa Lancet uja palinso kukhala wekhawekha ndi kusagwiritsa ntchito thupi. Kuwakhazika pa sofa kutsogolo kwa TV tsiku lonse kukanakhala kuwachotsa m'dzenje lina n'kuwaponya m'linzake. Tsono tinagawana ntchito mwina. Zonse zochitika moto usanayake ndi zawo: kusankha nyemba, kusadzula nkhwani, kusinja nsinjiro, kupeta mpunga. Nsima amavundula ndi iwo, pa gasi, wina ataima pambali chifukwa cha kuzimitsa. Mchere tinaubisa m'kabati yapamwamba, koma kulawa amalawa ndi iwo, ndipo chigamulo chawo palibe amachitsutsa.

Kumene ndalephera mpaka lero ndi kumaliro. Pakagwa zovuta mumpingo, amayi a Chigwirizano amakagona kusiwa, ndipo kukacha moto umasonkhedwa wa zikuni zaziwisi, mapoto aakulu a nsima ndi kabichi ali ndandanda, utsi uli tolo. Atsikana amatunga madzi ndi kutsuka mbale, koma pa mthiko pamakhala akuluakulu, poti ndiwo amadziwa kuphika nsima ya anthu 200 osaisiya ndi mibulu. Amayi akangomva kuti kuli maliro amamanga chitenje chawo nthawi yomweyo, ndipo ndi malo okhawo m'tauni muno amene sasokonezeka n'kamodzi komwe: amadziwa poto woyamba kuphula, amadziwa woyenera kupatsidwa chipande. Ndinakayankhula ndi amayi a chairlady kuti aziwapatsa ntchito yogawa mbale, kutali ndi moto. Anandimvetsera mwaulemu, n'kuvomera. Pa maliro otsatira ndinawapeza amayi ali pa poto wamkulu, mthiko uli m'manja, achairlady ali pambali pawo akusonkhezera nkhuni. Nditawayang'ana anangoti, "Mwana wanga, ife tinayesa. Kawalande wekha."